Kamunthu ka Mkuwa ka kwa Bwana

Ndikukumbukira fungo la tiyi wonyowa m'mamawa, nkhungu itakuta mapiri a Thyolo, ife tikuyenda opanda nsapato m'kanjira ka matope ofiira. Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi, kuthawa chikoti cha kumeneko, ndipo anapatsidwa kamalo pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Mayi ankathyola tiyi ngati thangata la malowo. Bambo ankasesa ndi kupukuta m'nyumba ya bwana, ndipo anthu ankawachitira nsanje chifukwa ankavala malaya oyera.

Chaka chimenecho ndinali ndisanathe kugulula mano. Bwana ndi dona wake anapita ku Kabula kwa masiku angapo, ndiye bambo anaganiza zoti eni ake akamabwera apeze nyumba ikuwala. Ine nditawapititsira bambo nkhomaliro ya nyemba za kalongonda, ndinawapeza kuseri kwa khitchini atayala mapoto, masupuni ndi zoikapo makandulo. Pakati pa zonsezo panaima kamunthu kachitsulo, kotalika ngati chisononkho cha chimanga, kobiriwira ngati ndere. Kanali mbulanda, koma kanavala chisoti chamapiko, ndipo timapiko tina tinali pa zidendene. Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

"Usaseke, Elube," anatero bambo, nawonso akubisa mano. "Akuti ndi mulungu wa makolo akale a ku Roma, wonyamula mauthenga. Anachita kumufukula pansi. Taona m'mene amulekerera ndi dzimbiri, ngati alibe abale."

Anatenga phulusa, ndimu ndi mchenga wosalala wa kumtsinje. Anakwecha mpaka zala zinasupuka. Dzuwa likupendeka, kamunthu kaja kanali phuliphuli, kofiirira ngati uchi. Bambo anakakweza m'mwamba, nkhope yawo ikuwala kuposa mkuwawo. Sindinawaonenso akunyadira chinthu chotero.

Tsiku lobwera bwana ndinali pomwepo, ndikudikira mbale yanga. Ndinamva kukuwa m'nyumba, kenako bwana anatuluka pakhonde, kachifanizo kali m'manja, nkhope itafiira ngati tsabola. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma tonse tinamva. Kubiriwira kuja akuti ndiye unali ulemerero wake, umboni wa zaka zosawerengeka, ndipo bambo anauchotsa tsiku limodzi.

"Pepani bwana, ndimayesa ndi litsiro," bambo anatero atagwada, akuwomba m'manja.

Mbama inalira ngati nsungwi yothyoka. Bambo, munthu amene ankatinyamula ine ndi mlongo wanga pamodzi powoloka mtsinje, anagwa chammbali pamaso panga. Sanayang'ane bwana. Anayang'ana ine, kenako anayang'ana pansi.

M'mawa mwake kapitawo anabwera ndi anthu ake. Anali mnansi wathu, tinkapemphera tchalitchi chimodzi. "A Namakhwa, musandide ine, ndatumidwa," anatero kwa bambo osakweza maso. Anasasula denga la nyumba yathu, nagwetsa zipupa. Chimanga chathu chinali chitangomasula ngayaye. Anachitchetcha chonse ndi zikwanje, mayi ataima chilili, khasu lili m'manja, osalira. Fungo la mapesi aawisi odulidwa limandinyansa mpaka lero.

Tinayenda kupita kwa Nsabwe, mvula ili pamsana, kukapempha malo kwa achibale a mayi. Kumeneko tinadya mango osapsa ndi zikhawo za chinangwa chopempha. Mlongo wanga wamng'ono, Yohane, anayamba kutsekula m'mimba, ndipo sanafike pa masika. Bambo anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akulima ndi kuluka madengu, koma sanaimbenso, ngakhale m'tchalitchi. Nkhani ya kachifanizo sanaitchulepo, ifenso sitinayerekeze.

Masiku ano zinthu zinasintha, amatero anthu. Thangata linatha, ndipo m'nyumba ya bwana ija mumakhala manijala wa khungu lakuda ngati langali. Pomwe panali nyumba yathu pali tiyi wokhawokha, wobiriwira bwino, alendo amaima n'kumajambula. Mkulu wina amene anali khukhi kumeneko anandiuza kuti bwana pobwerera kwawo anakulunga kamulungu kake mu thonje, nakakhomera m'bokosi la mbawa kuti kasakandike pa sitima. Yohane tinamukulunga m'chidutswa cha mphasa, ndipo manda ake sinditha kuwalozanso.