Anyani a Kuseri kwa Kantina Yanga

Zaka zimene magalimoto anachuluka pamsewu wochokera ku Moatize chifukwa cha malasha, ndinatsegula kantina yaing'ono m'munsi mwa phiri, ukamayandikira ku Zóbuè. Ndinkagulitsa mpunga wa nyemba, tiyi ndi pau, buledi wathu wakuno. Zotsala m'mbale ndinkataya m'dzenje kuseri.

Anyani ankakhala kuphiri, ndipo tinkangowaona nthawi ya masuku. Woyamba kutulukira dzenje langa anali wamphongo wamkulu, wong'ambika khutu. Sabata isanathe anabwera ndi gulu lonse.

Ndikanatha kulikwirira dzenjelo. Koma ndinaona kuti oyendetsa magalimoto akuima kudzajambula anyaniwo ndi mafoni, kenako n'kuitanitsa chakudya. Ndiye ndinayamba kuwaponyera dala pau wogona m'mbali mwa msewu. Pofika dzinja anali atasiya kubwerera kuphiri. Ankagona mumkuyu wa pamtsinje, tsiku lonse n'kumangozungulira pakati pa mkuyuwo, kantina ndi phula.

Munda woyandikana ndi mkuyuwo unali wa bambo ena achikulire amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anaswa okha mphanje pamalopo. Ndi iwo amene anandidulira nsungwi zomangira kantina yanga.

Tsiku lina m'mawa anafika atanyamula mapesi othyokathyoka, chimanga chake chitalumidwa chikadali chanthete.

"Mwana wanga," anatero, "zaka zonsezi anyani sanagonepo kumunsi kuno. Chawatsitsa n'chiyani?"

Ndinali ndi zidutswa za pau m'thumba, zoti ndikawaponyere.

"Kaya, bambo," ndinayankha. "Mwina akuthawa kuphulika kwa kumigodi."

Migodi ili kutali, phokoso lake silifika kwathu. Iwo ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa. Anasuzumira kudzenje, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwina n'zomwezo." Ndinawathirira tiyi, ndipo anamwa yense.

Tsiku lomwelo ndinakwirira dzenje n'kuleka kuponya chakudya. Ndinkati njala ikawapweteka abwerera kwawo. Sanabwerere. Ena mwa iwo anabadwira mumkuyumo, phiri sankalidziwa n'komwe. Anandidikira masiku awiri pamsewu, lachitatu onse analowa m'munda wa bambo aja.

Kuyambira pamenepo iwo ndi akazi awo ankalondera kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, akumenya chitini ndi kuponya miyala. Ndili pakantina ndinkachimva chitinicho tsiku lonse, ndipo ndinkakweza wailesi. Mayiwo anagwa pamwala akuthamangitsa anyani, n'kuvulala m'chiuno. Sanayendenso bwino. Chimanga chimene anakolola sichinafike ndi theka la nkhokwe.

Amuna a m'mudzi anasonkhana ndi agalu. Anapha anyani angapo, kuphatikizapo wong'ambika khutu uja, amene sanathawe chifukwa anali atazolowera anthu. Anamudutsitsa pakhomo panga akumukoka mwendo. Otsalawo anasamukira kumtunda kwa msewu, kumene magalimoto amaima pamzere podikira kudutsa malire, koma chimanga chikakhwima ankatsikanso.

Patapita zaka ziwiri bambo aja anausiya mundawo, ulendo wa ku Kambulatsitsi kwa mwana wawo wamkazi. Anadzera pakantina, makasu atamangirira panjinga, akazi awo atakhala pakaliyala.

"Tabwera kudzatsanzika," anatero. "Mwatisunga bwino, mwana wanga."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Muyende bwino, bambo." Ndinawakulungira pau wotentha m'pepala, iwo n'kulandira ndi manja awiri.

Za imfa ya bambo aja ndinazimva mochedwa, kwa mayi wina wogulitsa tomato amene anaima kudzamwa tiyi. Anali ataikidwa kale mwezi wapitawo. Ndinalowa m'kati n'kukhala pansi pafupi ndi mbaula, mpaka munthu wina anaitana panja kuti akufuna mpunga.