Kadontho Kofiira pa Lipenga la Esinati

Fungo la mandimu osakaniza ndi phulusa limandibwezabe pakhonde la tchalitchi chathu ku Mpama. Ndi zimene tinkapukutira malipenga a bandi chaka chimene ndinali sitandade sikisi. Inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkaphimba phiri la Chiradzulu mpaka masana, milomo inkang'aluka, ndipo kachitsulo ka pamlomo, kamene timalowetsa ku lipenga, kankazizira ngati madzi a mumtsuko.

Malipenga analipo awiri okha. Lina ndinkaliza ine, lina msuweni wanga Esinati, mwana wa amalume. A Makhuwira, amene ankatiphunzitsa, adanena kuti pa ukwati wa mwana wawo ku Namadzi mmodzi wa ife adzaliza yekha nyimbo yolowera mkwatibwi. Mwayi umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Sindinkajomba, ndinkasesa pakhonde osatumidwa. Koma lipenga langa linkasasa ngati tambala wa chitopa, pamene Esinati akaliza, amayi ochokera kumjigo ankaima ndowa zili pamutu.

Ndidayamba kumuyang'anitsitsa. Pa kachitsulo kake panali kadontho kofiira ka kyutekisi, utoto wopaka m'zikhadabo uja. Asanalize, ankakazunguza pang'onopang'ono mpaka kadonthoko kayang'ane kumwamba.

"Kamagwira ntchito yanji kadonthoka?" ndidamufunsa tsiku lina.

"Amuna anga, za m'nyumba sitiulula pagulu," adayankha mwachisuweni. Oimba ng'oma adaseka, ine ndidangowerama.

Kachitsulo kanga ndidakazunguza mbali zonse, mawu osasintha. Ndidatsimikiza kuti kake kali ndi mbali yabwino imene kanga kalibe. Loweruka losankha wolowetsa mkwatibwi ndidalawirira kutchalitchi, kumene malipenga ankasungidwa, ngati ndikukasesa. Ndidapala kadontho kaja ndi lezala n'kudontheza kena kuseri ndi kyutekisi ya achemwali anga.

Esinati adafika, adazunguza mpaka kadontho kanga kabodza kadayang'ana kumwamba, n'kuliza. Mawu adatuluka oyera ngati masiku onse. Ine nditaliza, pokwera pamwamba lipenga lidangofwenthera.

"Wayesetsa, mwana wanga," adatero a Makhuwira. "Koma mkwatibwi amulowetsa Esinati."

Pobwerera tidadzera m'minda ya nandolo, iye patsogolo, ine pambuyo, mame akunyowetsa miyendo.

"Kyutekisi ya achemwali anu ndi yotuwa," adatero osacheuka. "Mukafuna kundilodza muzigula yofanana."

Ndidasowa pobisa nkhope. Ndidafunsa motsitsa mawu chifukwa chimene adaikira kadonthoko.

"Kuti kasasinthane ndi kanu. Inu mumabwera mutadya bonya."

Kwa a Makhuwira sadakanene. Pa ukwati ndidaima kumbuyo kwake, ndikuliza mawu apansi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Esinati adangobadwa ndi mwayi, ndipo ngati suli m'kadontho ndiye uli pena pamene sindidapapeze. Lero ndikudziwa kuti kachitsulo kaja n'kozungulira, mbali zake zonse n'zofanana. Kuzunguza kuja kunali kukhazika mtima pansi chabe. Ndimakumbukiranso kuti m'mawa uliwonse, podikira pamzere kumjigo, Esinati ankanjenjemeretsa milomo ngati mwana woyendetsa galimoto ya mawaya, kuizolowetsa kuliza lipenga. Ine ndinkadutsa ndi tsache langa, n'kumamuseka.