A Ezra ndi Chakudya cha Chuku

Amuna anga, a Ezra, anakulira ku Dedza akukumba mbewa m'minda ya chimanga. Lero amakonza magetsi kumgodi wa chitsulo ku Pilbara, kuno ku Australia, kupita ndi kubwera pa ndege. Chiyambireni migodi kulipira bwino, lilime lawo linasintha.

Chaka chatha tili kumudzi, amayi awo anawakonzera mbewa zonona bwino. A Ezra anakankha mbale, akuti ndi zauve. Apongozi anga anangoichotsa.

Titabwerera ku Perth, mzinda umene timakhala, ananditengera ku Northbridge, kumene Ataliyana anatsegula malesitilanti kalekale, miyendo youmitsa ya nkhumba ili lende pawindo. Anaitanitsa supageti wakuda bii ngati wamuviika m'makala, ndi chidutswa cha tchizi chomera chuku chobiriwira. Fungo lake linali la masokosi awo akumgodi aja ndimachapa ine. Ine ndinangomwa madzi.

Iwo ankatafuna movutika, misozi ikulengeza, mano onse atada.

"Talawa, Felesta," anatero, "izi ndiye amadya anthu otsogola."

"Idyani nokha, bambo," ndinayankha. "Mbewa za amayi anu zija zinalibe chuku."