Sophia Anataipa Yekha Kalata Yomudzudzula

Sophia Chirambo wa ku Rumphi anataipa makalata a boma ku Zomba zaka khumi ndi ziwiri, ndipo palibe bwana anamudandaulapo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anamuikira tebulo pafupi ndi windo lalikulu, mu ofesi yonunkha penti. Dzuwa likapendeka linkamulasa m'maso, mutu waching'alang'ala n'kumugwira mpaka kusanza.

Anapempha mkulu wa ofesiyo, a Gondwe, kuti amusunthire pangodya.

"Mayi, malo aliyense anamuikira kale," anatero a Gondwe. "Kamweni asipirini."

Sophia anamata nyuzipepala pagalasi. M'mawa mwake anapeza atazichotsa, ati zikunyansitsa nyumba yatsopano pamaso pa alendo.

Tsiku lina a Gondwe anamupeza atagona pansi m'chipinda cha mafayilo, mmene munali kamdima, kansalu konyowa kali pamphumi. Sanamufunse kanthu. Analemba pamanja kalata yomudzudzula kuti ndi waulesi, n'kumupatsa mwini wakeyo kuti aitaipe.

Sophia anaitaipa osaphonya chilembo, ndipo mwezi womwewo anasiya ntchito. Anakalamba akusoka madiresi pakhonde la sitolo ya amayi Hansa ku Area 2. Wina akatchula za ku Kapitolo, kumaofesi a boma kuja, ankangopukusa makina ake.