Tsitsi la Mwana wa Eni

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ndi chimene ndinaganiza zopita ku Joni. Bambo a Enelesi anali atamwalira, ndipo bwato lawo linangokhala pamatope ouma, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Matemba amene ndinkaumitsa n'kukagulitsa ku Songani anasowa, mpunga nawo unapserera m'munda. Enelesi, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zisanu. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga a Maligita, n'kuwauza motsimikiza kuti ndi zaka ziwiri zokha, ndikapeza malata ndi mpamba wa geni ndibwerako. Iwo anangoti, "Felesiya, onse amatero." Ndinapsa mtima, poti ine kupsa mtima sindichedwa, koma ankanena zoona.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamuluka tsitsi Enelesi pakhonde. Ndinaluka mmene ankatilukira mayi athu: mizere isanu ndi iwiri yoyambira pamphumi, yokakumana kumbuyo, n'kumanga ndi ulusi wakuda. Ine ndine wamanzere, ndiye mzere wanga wapakati umapendekera pang'ono kumanzere, ndipo mayi anandinena nazo mpaka anatopa. Mwanayo sankakhazikika, ankangotembenuka kuti aone ankhuku m'bwato muja, mpaka ndinamukoka khutu, iye n'kulira. Ndikanadziwa kuti mutu umenewo sindidzaugwiranso kwa zaka khumi ndi zitatu, khutu lija ndikanalisiya.

Ku Joni ntchito ndinaipeza m'nyumba ya madokotala awiri, bambo ndi mayi, Azulu. Anali ndi mwana mmodzi, Lindi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kamwana aka ukangokasiya pang'ono unkakapeza kataima chadodolido pakhoma. Makolo ake anakalembetsa masewera a jimunasitiki, ndipo ntchito yanga inali kukaperekeza, kunyamula chikwama ndi kudikira pabenchi. Kumeneko atsikana amathamanga n'kudumpha, amachita zipidigoli m'malere, amazungulira pa mipiringidzo iwiri, ndipo amayenda pa mtanda wautali wopapatiza ngati chikhatho, umene amautcha bimu. Tsiku loyamba ndinatseka m'maso. Kwathu mwana akachita zimenezi mumtengo wa mango timamukwapula, koma uko makolo amachita kulipira.

Mpikisano wake woyamba anachita ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mayi ake anamumanga tsitsi ndi timapini ndi labala. Mayi amene uja ankatha kung'amba munthu pamimba n'kumusokanso bwinobwino, koma tsitsi linkawakanika. Lindi ali pakati pa bimu tsitsi linamasuka n'kumugwera m'maso, ndipo anagwa kawiri. Analira njira yonse yobwerera kunyumba. Mpikisano wotsatira utayandikira ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Mayi, ndipatseni ulusi wosokera, mapiniwo sungani." Ndinamukhazika Lindi pansi pakati pa mawondo anga n'kumuluka mizere ija ya mayi athu. Anadumpha, anazungulira, tsitsi silinasunthe ngakhale limodzi, ndipo anakhala wachitatu. Kuyambira tsiku limenelo sankalola munthu wina kumugwira m'mutu mpikisano ukayandikira. Ankangobwera ndi chipeso n'kuti, "Anti Feli, nthawi yakwana."

Ndinamukonda mwana ameneyu, sindibisa. Zikhatho zake zikang'ambika pa mipiringidzo ndinkamutsuka ndi kumumanga ndine. Kochi akamukalipira ndinkamutukwanira kochiyo m'Chinyanja, Lindi n'kumaseka osamva kanthu. Ndinafika podziwa masewerawo moti akatera pansi phazi n'kusuntha pang'ono, ndinkadziwiratu kuti oweruza amudula malikisi. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma amene anayamba mwambiwu sananene kuti wakoyo akhala ndi ndani.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo malata aja anagulidwa chaka chachitatu. Lero ndikamamva mvula ikugwa pamalatawo ndimadzifunsa chimene ndinkakhalirabe. Ndinkauza anthu kuti mapepala anga sanali olongosoka, ukapita kumudzi mwina osabwereranso, ndipo zinali zoona ndithu. Koma chinanso chinali chakuti nthawi zonse kutsogolo kunkakhala mpikisano wina. Lamulungu ndinkakhala ndekha m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, ndikudya matemba ogula kwa anthu obwera pa basi, odula ngati nyama. Ndikaimba foni, Enelesi ankandiimbira nyimbo za kusukulu, mayunitsi n'kutha nyimbo ili pakati.

Ndinabwerako kamodzi kokha, mayi athu atamwalira, Enelesi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Basi inayenda masiku atatu, ndiye ndinapeza ataika kale. M'chikwama ndinali nditanyamula chipeso chatsopano ndi ulusi, koma ndinafika tsiku lometa, ndipo mutu wa mwana wanga ndinaupeza uli mbee. Anabisala kumbuyo kwa a Maligita. Nditamutuma madzi ndinamumva akunena m'nyumba kuti, "Amayi, a ku Joni akuti akufuna madzi." Amayiwo anali achemwali anga, ine ndinali a ku Joni.

Cholakwa changa chachikulu chinabwera patatha zaka zinayi. A Maligita anaimba foni kuti Enelesi watha msinkhu, anamkungwi a kutchalitchi akonza zomulanga, ndipo mayi wake ayenera kukhalapo. Sabata yomweyo Lindi anali ndi mpikisano wosankha atsikana oimira dziko lawo. Sindinganame kuti anandikaniza. Mayi a Lindi anandiuza okha kuti ndipite, ndipo chikwama ndinalongedza. Koma Lindi anabwera n'kuima pakhomo la chipinda changa, chipeso chili m'manja. Ndinamasula chikwama. Kumudzi ndinatumiza nsalu, nsapato ndi foni.

Lindi anapambana pa bimu n'kusankhidwa. Ine ndi chimwemwe changa chopanda nzeru ndinatumiza vidiyo yake ku foni yatsopano ya Enelesi. A Maligita sanachedwe kundiimbira.

"Felesiya, mutu wako ukugwira? Mwana wako wakula iwe kulibe, ndiye ukumutumizira mwana wa eni atavala mendulo?"

Ndinawayankha zamwano n'kudula foni, kenaka manyazi anandigwira sabata yathunthu. Sindinatumizenso vidiyo ina. Enelesi naye anasiya kundiimbira nyimbo. Ndikaimba ankangoti, "Ndili bwino. Ndalama zafika, zikomo." Chimene ankapempha chinali chimodzi chokha, ndalama ya bandulo ya intaneti, ndipo ndinkadandaula kuti mwanayu wayamba zibwenzi za pafoni.

Zaka zotsatira Lindi anayamba kukwera ndege kukapikisana kunja. Ine ndi mapepala anga aja sindikanatha kumutsatira, ndiye ndinkamuluka tsiku loti mawa anyamuka, ndipo mizereyo inkakhala masiku khumi osamasuka. Pa mpikisano wa mayiko a mu Africa anakhala wachitatu pa bimu, ine ndikuonera pa TV nditagwada, nsalu ili kukamwa. Chimene ankafunitsitsa chinali kukafika ku masewera aakulu aja ochitika kamodzi pa zaka zinayi. Kutatsala milungu yochepa kuti asankhe opita, Lindi akuyeserera kudumpha, anatera molakwika ndipo mtsempha wa kuchidendene unaduka. Ndinali pabenchi, ndipo kulira kwake ndimakumvabe. Anamuchita opaleshoni, anayesetsa chaka chathunthu, koma phazi silinabwerere mwakale. Anasiya masewera ali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi.

Tsiku lina anabwera ndi sizasi m'malo mwa chipeso n'kundiuza kuti ndimudule tsitsi lonse. Ndikudula anandifunsa kuti, "Anti Feli, mwana wanu uja tsitsi lake ndi lalitali?"

"Sindikudziwa," ndinayankha. Pa zithunzi zonse ankakhala atamanga duku.

Iye anati, "Pitani mukaone. Ine ndakudyerani zaka zambiri."

Ndinanyamuka mwezi womwewo. Njira yonse ndinali ndi mantha amodzi, kuti ndikafika kwa mtsikana wamkulu amene adzandigwadira mwaulemu ngati mlendo, n'kundiitana a ku Joni mpaka ndidzafe. A Maligita anali atandiuza kuti anamaliza Fomu 4 ndipo amaluka anthu tsitsi pamsika wa ku Songani. Ndinkaganiza za meshi imene atsikana onse amaluka masiku ano.

Nditatsika minibasi ku Songani, anyamata a kabaza akulimbirana zikwama zanga, ndinaona mayi wina wogulitsa tomato ataweramira dengu lake. Ndinawerenga mizere ya m'mutu mwake. Inali isanu ndi iwiri, yokakumana kumbuyo, ndipo wapakati unali wopendekera kumanzere. Nditatembenuka ndinaona mtsikana wobereka mwana, mutu womwewo. Patsogolo pa golosale panali awiri ena.

"Pepani mayi, wakulukani ndani?" ndinafunsa wa tomato uja.

"Enelesi wa kunyanja, amakhala kuseri kwa chigayo uko. Aliyense akufuna amenewa. Akuti anamuphunzitsa ndi mayi ake."

A Maligita ndimawadziwa ine, ngakhale chingwe cha mbuzi sangathe kuluka.

Ndinamupeza pansi pa mtengo akumalizitsa mutu wa munthu. Anali wamtali, nkhope ya bambo ake yeniyeni, duku lili kumutu. Atandiona anapukuta m'manja, anagwada pang'ono n'kuti, "Mwayenda bwanji?" Sanawonjezere dzina lililonse. Ndinakhala pa kampando n'kudikira mpaka kasitomala atapita. Kenaka ndinangofunsa kuti mizere imeneyi anaiona kuti.

Anatulutsa foni ija ndinamutumizira, galasi lake litasweka pakona. Munali mavidiyo a Lindi okhaokha, kuyambira uja ndinatumiza ine mpaka mpikisano wake womaliza. Ya bandulo ija inkathera kumeneko.

"Zodumphazo sindinkaziona," anatero. "Ndinkaimitsa pamene mutu waonekera bwino. Ndinkadziwa kuti manja anu anali pamenepo."

"Sunamude mtsikanayu?"

"Ndinkamuda, ndisaname. Koma akapambana ankamuonetsa nthawi yaitali, ndiye ndinkamupempherera kuti apambane."

Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti kumudzi kwathu ndinasanduka ndalama ya pafoni basi, osadziwa kuti dzanja langa, ndi kupendekera kwake komwe, likuyenda pamitu ya anthu kuchokera ku Songani mpaka kunyanja. Ndinayamba kupepesa za tsiku lija ndinamasula chikwama, koma anandidula.

"Zimenezo tikakamba kunyumba, ndipo ndili nazo zambiri zoti ndinene. Panopa pali vuto lina. Anthu akudandaula kuti mizereyi ikumamasuka kumbuyoku pakangotha masiku anayi. Kamera sinkaonetsa mmene mumamalizira."

Apa ndiye pakamwa panga panatseguka. Ndinamuuza kuti ulusi sumangira pamwamba ngati thumba la makala, umayamba kuulowetsa poluka m'kati mwa mzere kutatsala chala chimodzi kuti uthe, ndipo ndinamuuza kuti aitane munthu ndimuonetse. Sanaitane munthu. Anavula duku, anayala chiguduli pansi n'kukhala pakati pa mawondo anga. Tsitsi lake linali lambiri, lalitali kuposa la Lindi.

"Mundionetse pamutu panga pano, Amayi. Pamutu wa wina sindingamve mmene mukukokera."

Ndinatulutsa chipeso m'chikwama. Ndikugawa tsitsi ndinapeza chipsera kuseri kwa khutu chimene sindinkachidziwa, ndipo anati anagwa m'bwato la bambo ake ali Sitandade 2. Ndinaluka mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndili pa wapakati anatembenuka kuti adzione m'kagalasi, mzere n'kupotoka. Dzanja langa linapita lokha pakhutu lake. Sindinalikoke. Ndinangoligwira kanthawi, kenaka ndinamasula mzerewo n'kuyambiranso.