Alamu anga anagula kompyuta ngati belo la fodya

Loweruka lapitali ndinaima m'sitolo ina pa boma la Kasungu ndikuonerera bambo wa imvi zake akununkhiza kompyuta. Sanainunkhize mwamanyazi ayi. Anaika mphuno pa timabowo ta kumbuyo, nakoka mpweya wambiri, kenako n'kupukusa mutu. Bamboyo ndi alamu anga, a Mwale, ndipo amene ndinawatengera kumeneko ndine.

Koma ndiyambe ndi mlongo wanga, a Nabanda, chifukwa nzeru yonseyi ndi yawo.

A Nabanda ndi a Mwale amalima fodya kufupi ndi Mtunthama. Pafupifupi chaka chonse a Mwale ndi mwamuna woti ungawalozere ana ako kuti atengere chitsanzo. Amathirira nazale, amasoka fodya mpaka zala kuda bii, ku tchalitchi amakhala kutsogolo. Koma foni ikangolira kuti ndalama za ku okushoni zalowa, munthu uja amasamba, amavala jekete, n'kunena kuti akukagula machubu a njinga pa boma. Machubu amenewo amatenga masabata. Chaka chatha ndinakawapeza atalemba akabaza awiri, wina wonyamula iwo, wina wonyamula jekete.

Ine ndiye nkhoswe ya banja lawo. Ndiye kuti nyengo ya msika wa fodya ikafika, ndimayamba kuzungulira m'nyumba zogona alendo, kufunsa ngati aonapo bambo wamtali wa mpata kumano. Mphunzitsi wathunthu, ana anga asukulu n'kumandiona ndikutuluka m'malo otero dzuwa likuswa mtengo. Mukuganiza kuti amakanena zotani kwa makolo awo?

Chaka chino mlongo wanga sanadikire kuti munthu asowe. Anandiimbira kuti mabelo omaliza agulidwa, ndipo anandiuza mawu amene sanawanenepo zaka zonsezi. Anati alamu akapitanso, ine ndibwere ndidzatenge katundu wa alamuwo ndikamtule kwawo ku Chamama, iwo atopa. Sanalire ponena zimenezi, ndipo n'chimene chinandiopsa. Mkazi akamalira ndiye kuti nkhoswe ikadali ndi pogwira.

Kenako anandiuza nzeru yawo. Pa Mtunthama pali kanyumba kena komwe anthu amalipira n'kumasewera magemu a pa kompyuta. Tsiku lina akuchokera ku chigayo anasuzumiramo, napeza bambo wandevu, woti ali ndi zidzukulu, maso ali tong'o pa sikirini. Njinga yake inagwa panja, mbuzi zinayamba kudya mpiru womwe anamangirira pa kaliyala, anthu anamuitana, iye osatembenuka. A Nabanda akuti anaima pamenepo nthawi yaitali, thumba la ufa lili pamutu. Chinthu chokhazika mwamuna pansi chonchi, osamwa, osayenda, chilekerenji kukhala m'nyumba mwawo?

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anati magetsi analowa kale m'nyumba, ndalama zomwe apatula ndi za mabelo awiri basi, ndipo popeza ine ndimavala magalasi ndiponso ndimatayipa mayeso kusukulu, ndiye wodziwa makompyuta pa mtundu wonse. A Mwale nawo anavomera mosavuta atamva kuti chinthuchi chimapezeka m'nyumba za mabwana. Anangoika lamulo limodzi, loti wosankha akhale iwo.

Ku sitoloko tinapita tonse atatu, ine, a Mwale ndi a Nabanda. Mwini sitolo, mayi wa mawu ochepa, anatiikira makompyuta atatu pa tebulo. Yoyamba inali ndi galasi m'mbali, m'kati muli timagetsi tamitundumitundu tikuphethira, mtengo wake woti ungagule nawo ng'ombe zapangolo. Yachiwiri inali chimkompyuta chakale cha mu ofesi, chotuwa, chotchipa, chimene mayiyo ananeneratu kuti kutayipa chimatha koma gemu chimaikana. Yachitatu inali yakuda, yogwirapo kale ntchito, yokalikakalika m'mbali, koma m'kati muli kachipangizo kamene kamayendetsa zithunzi za magemu. Ine ndinali nditafunsa kale anzanga kuntchito, ndipo onse anandiuza chimodzimodzi, kuti ndalama zikakhala zochepa usalipirire kuwala, ulipirire kachipangizoko. Yachitatuyo ndi yomwe inkakwanira m'thumba mwathu. Nkhani inayenera kuthera pomwepo.

Alamu anga anavula jekete n'kundipatsa kuti ndiwagwirire.

Apa ndi pomwe kununkhiza kunayambira. Atatha kununkhiza anakanikiza iliyonse ndi chala chachikulu, naitembenuzira kowala kuti aone mtundu wake bwino. Kenako analamula kuti yagalasi ija itsegulidwe, chifukwa wogula weniweni sakhulupirira fodya wa pamwamba, amapisa dzanja pakati pa belo. Mayi uja anamasula. A Mwale anapisa dzanja mpaka m'chigongono, naliyendetsa uku ndi uku osakhudza kanthu.

"Mayi, kodi mukugulitsa mpweya?" anafunsa motero.

Mayiyo anafotokoza kuti mpata umenewo ndi woti mphepo iziyenda, makina asatenthe. A Mwale anati iwo atapita ku okushoni ndi belo lotero, n'kukanena kuti mpata wa pakatiwo ndi wa mphepo, angawaitanire alonda. Yagalasi ija inakanidwa pomwepo.

Chinatsala n'kunyamula. Yathu yakuda ija anaikweza ndi dzanja limodzi, nkhope n'kugwa. Chimkompyuta chakale chija chinawabuulitsa ponyamula, nkhope n'kuwala. Anafunsa ngati m'sitolomo muli sikelo. Anati chilichonse chaphindu pa dziko lino chimagulidwa pa kulemera, kaya fodya, kaya feteleza, kaya nyama, ndipo chopepuka ndi mankhusu. Ndinayesa kuwafotokozera za kachipangizo kaja. Anandiyang'ana mwachifundo, nandifunsa ngati ndinanyamulapo chinthu cholemera kuposa choko.

Mwina mukuseka. Nanenso ndinkafuna kuseka, mpaka nditawayang'anitsitsa nkhope. Alamu anga anali osangalala kuposa tsiku la ukwati wawo, ndipo ine ndinalipo pa ukwatiwo.

Taganizani. Munthu uyu moyo wake wonse wakhala akuimirira pambali, munthu wina akudutsa pa belo lake, kupisa dzanja, kulemba mtengo, n'kupitirira osamuyang'ana n'komwe. Mtengo wa feteleza amauzidwa. Mtengo wa galimoto yonyamula mabelo amauzidwa. Mtengo wa fodya wake yemwe, amene wamulera kuchokera ku nazale, amauzidwanso. Kodi mlimi amakana liti chinthu? Ndani amamudikirira kuti alankhule?

Timakonda kunena kuti ndalama za fodya zili ndi ziwanda. Ine ndikuona kuti chiwanda chake n'chimodzi, ndi mawu oti "bwana". Mlimi amawamva kamodzi pa chaka, ndipo amawamvera ku bala, kumene amawagulitsa pa botolo. Ife olandira pamwezi tisadziyese angelo. Nafenso malipiro akalowa timayenda mosiyana, timadya chipisi cha nkhuku, timapatsa moni mokweza. Kungoti zathuzo zimatha anthu asanazindikire kuti tapenga.

Sindikuikira kumbuyo alamu anga. Amene amagona ndi njala bwana akamwa ndi mlongo wanga. Ndikungonena kuti Loweruka lija ndinaona chimene amakafuna kumene amasowera kuja.

Tsono anachita zomwe ogula fodya amachita. Anatchula mtengo wawo wa chimkompyuta chakale chija, natuluka osacheuka, kuti mwini sitolo awatsatire. Anakaima pakhonde. Kutsidya kwa msewu nyimbo zinali zitayamba kale, ndipo munthu wina wa maso akuthwa anawaona, nafuula kuti bwana Mwale afika. Alamu anga anaweyula dzanja. Kenako, osatembenuka, anatambasula dzanja lina kumbuyo kuti ndiwapatse jekete.

Zinthu zinali poyera. Tikagula cholemeracho, gemu siyenda, ndipo pofika Lolemba munthu ali pa boma. Tikapanda kugula kanthu, apita lero lomwe. Ine, wodziwa makompyuta pa mtundu wonse, nzeru zinandithera.

Pakhomo pa sitoloyo panali mwala woimitsira chitseko kuti mphepo isachitseke. A Nabanda anawerama, nautola, naukulunga m'kampango, n'kumuyang'ana mwini sitolo. Mwini sitolo anayang'ana mwalawo, anayang'ana bambo ali pakhonde uja, natenga chomasulira n'kutsegula yakuda ija. Chitseko chinayamba kutsekeka, ine n'kuchigwira ndi phazi, jekete nditalitambasula ngati ndikulikutumula fumbi, kuti alamu asaone za m'kati. Nkhoswe, mphunzitsi, ndikuthandiza kuika mwala m'katundu, mlandu womwewo umene alimi amabwezeredwa nawo mabelo.

"Bwana, yapezeka ina yomwe timasungira anthu odziwa," anaitana mwini sitolo.

A Mwale anatembenuka. Mawu aja a "bwana" anali atamveka mbali ziwiri za msewu, ndipo iwo anaima pakati kwa kanthawi. Kenako analowa. Ananyamula yakuda ija, yomwe ija anaikana, nabuula. Ndinadikira kuti alamule kuti itsegulidwe. Sanalamule. Anawayang'ana akazi awo nthawi yotalikirapo, naiika pansi pang'onopang'ono, n'kunena kuti iyi ndiye giredi yabwino.

Lachitatu nditaweruka ndinapita kukaona. Ndinapeza alamu anga akuyendetsa lole ya katundu pa sikirini, m'dziko lina lozizira lomwe onse awiri sitikulidziwa dzina. Amaima pa chikwangwani chilichonse. Akamabwerera m'mbuyo salola munthu kulankhula. Nkhuku italowa m'nyumba n'kudutsa kutsogolo kwawo, anaikalipira kuti ikufuna kuwaphetsa. Mlongo wanga anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo anandiuza kuti munthuyo wayenda maiko ambiri kuyambira Lamlungu, koma chakudya akudyera pakhomo. Nditafunsa ngati akuganiza kuti zikhalitsa, anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Za mwezi wa mawa aziona mwezi wa mawa.

Potsanzika, a Mwale anaimika lole yawo pambali pa msewu bwinobwino, nazimitsa injini, kuti andiperekeze. Titadutsa chigafa, pomwe mawu athu sakanamveka kunyumba, anaima.

"Alamu, mwala uja ndinaumva m'sitolo momwemo. Kulemera kwa mwala kumakhala mbali imodzi."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanaikanire, iwo amene anakana kompyuta yagalasi chifukwa cha mpweya.

"Ine ndaona anthu ambiri oika miyala m'mabelo," anatero. "Ena ndi akuba. Koma ena ndi anthu oti ayesa zonse zakanika, ndipo akudziwa kuti belo limenelo likabwerera, nyumba yatha. Mlongo wanu si wakuba."

Anakanda pansi ndi chala chakuphazi. Kenako anandipempha kuti ndisawauze a Nabanda kuti iwo akudziwa, ndiponso kuti mwalawo ukhale momwemo. Ndinalonjeza, ndipo lonjezolo ndalisunga ngakhale ndalemba nkhaniyi m'nyuzipepala, chifukwa mlongo wanga nyuzipepala amangoyatsira mbaula.

Ndinayenda ulendo wonse wobwerera ndili ndi chisoni, pamodzi ndi chimwemwe chomwe sindinakhale nacho pa unkhoswe wanga wonse. Zaka zonsezi takhala pansi pa mtengo, tadzudzula, tawerenga mavesi, tapepesetsa, a Mwale osamva. Anadzamva tsiku limene mkazi wawo anasiya kulankhula n'kuwerama pakhomo pa sitolo ya eni.

Ndiye abambo anzanga, inu amene foni yalira sabata ino, kodi nanunso mukudikira kuti akazi anu atole mwala kaye, kuti mudziwe kuti mawu anawathera kalekale?