Ndinafuna kabedi ka mwana, andikhomera khola la nkhunda

Abale anga, pakhonde panga paima chinthu. Miyendo yake ndi yaitali kuposa yanga. Nkhuku zikuchizungulira mwaulemu. Akuti ndi kabedi ka mwana wanga. Wachipanga ndi kalipentala wina wa pamsika wathu kuno ku Nkhulambe. Dzina ndasunga kaye, eni ake akudzidziwa.

Ndiyambe ndi zokoma, poti sizikundikhalika pakamwa: ndine bambo! Mwana wamkazi, Takondwa. Mphuno watenga yanga, andikhululukire akadzakula. Koma anabadwa ndi opareshoni, ndipo anamwino anawauza mayi ake, a Esinati, momveka bwino: osawerama, osanyamula cholemera, osakwera pena paliponse mpaka bala lipole. Msana nawo unali utayamba kale kuwavuta mimba itakula.

Tsono ine ndili ndi matenda owerenga. Sukulu ndinaisiyira panjira koma maso sanamve. Nyuzipepala yokulungira matemba ndimaiwerenga matembawo asanaphikidwe. Thumba la feteleza ndimalidziwa pamtima. Ndiye ndili pabenchi kuchipatala, ndinawerenga pafoni za kabedi ka mwana kamene matiresi ake amakwera ndi kutsika. Nzeru yake ndi yapafupi. Thabwa logonapo matiresi silikhomedwa, limangokhala pa zikhomo zolowetsa m'mabowo. Khanda likadali laling'ono, mumaika thabwalo m'mwamba kuti mayi azilitenga ataimirira chilili. Likayamba kukhala ndi kugwirira, mumatsitsa kuti lisagwe. Basi.

Ndinati eya, nthawi yanga yakwana. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo mbiri ya manja anga si yabwino. Denga la khitchini limene ndinafolera limadontha ngakhale kukachita mame. Kabedi aka kakanandiyeretsa.

Mmawa mwake ndinali kwa amisiri. Ndinawaonetsa chithunzi. Ndinafotokoza za bala, za msana, za zikhomo. Ndinachita kuwerama pamaso pawo kusonyeza chimene sichikufunika. Iwo akungogwedeza mutu, pensulo ili kukhutu.

"Achimwene, musatope. Ine ndapangira mabedi anthu ochokera ku Joni. Ichi ndi chamasana amodzi."

Ndinalipira zonse pomwepo, ndalama za nandolo wanga.

Masana amodziwo anabereka anzake. Ndikapita, akuti matabwa sanaume. Ndikapitanso, akuti anali kumaliro. Ulendo wina akuti magetsi anathima. Magetsi ati, amisiri? Mumapala ndi manja! Shedi yanu ilibe ndi babu lomwe! A Esinati anatuluka m'chipatala, mchombo wa mwana unagwa, achibale anabwera kudzaona mwana n'kubwerera, kabedi kuli zii.

Loweruka lapitali ananditumira uthenga kuti katundu wapsa. Ndinathamanga ngati ndaitanidwa kuukwati. Ndinapeza achiphimba ndi masaka. Anavundukula pang'onopang'ono, akundiyang'ana kumaso kuti aone chimwemwe changa.

Ndinayang'ana m'mwamba. Inde, m'mwamba.

"Amisiri, ichi n'chiyani?"

"Kabedi kanu."

"Nanga miyendoyi?"

"Kuno ndi ku Phalombe, achimwene. Mwaiwala? Madzi akalowa m'nyumba, mwana wanu ali phee pamwamba. Linthumbu silifika. Khoswe atopera panjira."

Ndinakwera pa chitsa kuti ndisuzumire m'kati. Kuya kwake ngati chitsime. Thabwa la matiresi lili pansi penipeni, lokhomedwa ndi misomali ikuluikulu ya denga, ndi guluu pamwamba pake. Mabowo aja alipo ndithu, mizere itatu yokongola, koma zikhomo palibe.

"Amisiri, ndinati thabwali lizikwera ndi kutsika."

"Ndinamva bwinobwino. Koma za pafoni zanuzo ndi za anthu a nyumba zosanja, kumene madzi safika. Komanso ine sindipanga chinthu chogwedera. Anthu azinena kuti bedi la kwa ine limachoka thabwa? Ayi. Ili adzagonapo ndi zidzukulu zanu."

"Nanga mabowowa ndi achiyani?"

"Anali pachithunzi. Ndinaona ngati ndi fashoni."

Fashoni! Tawerengerani nane. Anamwino analetsa kukwera ndi kuwerama. Kuti a Esinati atenge mwana mu chinthuchi, ayenera kukwera pampando, kenako n'kuwerama mpaka mutu kulowa m'kati. Munthu mmodzi wakwanitsa kuphwanya malamulo onse a chipatala ndi kabedi kamodzi. Ndi luso limenelo.

Mundifunsa kuti ndinachitengeranji. Anthu anali atasonkhana, akuyamikira vanishi, ndipo ine ndine wofooka pamaso pa vanishi. Amisiri nawo anati, "Kayeseni kaye kunyumba, mayi akachikonda."

Tinachimanga pa kabaza, miyendo kuloza kumwamba, ine ndikutsatira pambuyo wapansi. Pamjigo amayi anasiya kupopa. Wina anafuula, "Alamu, nkhunda zake zikubwera pambuyo?" Mnzake anati, "Ayi, ayamba geni ya chipisi, chiwaya agula mawa!" Ine ndikungobweza moni ngati phungu.

Kufika kunyumba, chinakana kulowa pakhomo. Tinachipendeketsa, tinachitembenuza, ayi ndithu.

Apongozi anga, mayi a Esinati, anabwera kudzathandiza za mwana, ndipo salankhula nane mwachindunji. Amadutsira kwa mwana wawo ngakhale ndili pomwepo. Anachizungulira chinthucho, anagogoda mwendo umodzi, n'kutembenukira kwa a Esinati.

"Tawafunsa abambo akewo. Mwanayu azimuponyera, kapena kuli chingwe?"

Zotsalazo anamalizira m'Chilomwe, akupukuta misozi. A Esinati anagwira pamimba ndi manja onse awiri.

"Abambo a Takondwa, chotsani ichi pamaso panga! Ndikaseka bala likupweteka. Mundibwezera kuchipatala inu!"

Mwamva? Kabedi kogulidwa kuti kateteze bala kanatsala pang'ono kuling'ambula, mwana asanagonemo n'komwe.

Lolemba ndinabwerera kwa amisiri. Ndinapempha zinthu zitatu zokha: adule miyendo, azule misomali, aike zikhomo. Akuti misomali yawo ikalowa yalowa, kuizula n'kuswa matabwa. Akuti katundu akatuluka pashedi sabwerera. Kenako anaganiza pang'ono, nkhope n'kuwala.

"Kapena ndikupangireni makwerero aang'ono. Inu ndi kasitomala wanga, ndikuchitirani mtengo wabwino."

Makwerero! A mayi wa opareshoni!

Ndiye panopa kabedi kokwera ndi kutsika kaja ndine. Takondwa akalira, ndimawerama, ndimamunyamula, ndimamufikitsa m'manja mwa mayi ake pa msinkhu woyenera. Akayamwa n'kugona, ndimamutsitsa. Zikhomo sindisowa. A Esinati akuti sindigwedera kwenikweni, kungoti ndimalira m'mawondo. Sindikudandaula, kamunthuka kamanunkhira bwino pamutu moti ndimachedwa dala kukapereka. Koma kumunda kukundidikira, ndipo ndikachoka pakhomo, apongozi akapita kumjigo, a Esinati amawerama okha. Dzulo ndinawapeza atagwira khoma, akulumira mano. Pamenepo sindinaseke.

Inu anzanga, mukafuna kabedi kotere, musangosiya chithunzi n'kumapita. Khalani pomwepo. Misomali muisunge m'thumba mwanu.

Ndipo inu amisiri, ndikudziwa kuti akuwerengerani izi. Bwerani ndi sowo ndi hamala yanu, mudzakonzere pakhonde pompano. Fulumirani. Thadzi la apongozi lalowamo kale ndipo laikira mazira awiri. Apongoziwo auza a Esinati kuti andiuze kuti likangoyamba kufungatira, palibe wokhudza chinthucho mpaka anapiye atuluke.